Kodi kusinkhasinkha kwa mindfulness kungandithandize pa chisoni ndi mkwiyo wa maliro?

Nabanda, Cosmo City

Abale ndi alongo amene tili limodzi kuno ku Joni, ndikupempha nzeru kwa aliyense amene akuidziwa bwino nkhani imeneyi. Mayi anga anatisiya chaka chatha kumudzi kwathu ku Thyolo, ndipo ine sindinathe kupita kukawaika m'manda chifukwa mapepala anga anali asanalongosoke, komanso ndinkadziwa kuti ndikangowoloka malire pa Beitbridge, ntchito yanga yolera ana ipatsidwa kwa munthu wina. Ndalama za bokosi ndi za ufa wa pamaliro ndinatumiza, mwambo ndinauonera pa foni, koma kuyambira nthawi imeneyo mtima wanga sunakhale pansi. Masana ndimagwira ntchito ngati munthu wabwinobwino, koma usiku ndimadzidzimuka mtima ukugunda kwambiri, ndipo tulo sitibweranso mpaka kucha. Chimene chikundiopsa kwambiri ndi mkwiyo umene sindinkaudziwa mwa ine. Ndimakwiyira achimwene anga amene anachedwa kuwatengera mayi kuchipatala, ndimakwiyira abwana, ndipo koposa onse ndimadzikwiyira ndekha chifukwa chotsalira pantchito.

Namwino wina pakiliniki, ataona kuti BP yanga yakwera, anandilangiza kuti pamwamba pa mankhwala ndiyesenso njira yosinkhasinkha yotchedwa mindfulness, ndipo anandionetsa mmene ndingapezere malangizo ake pa foni. Ndayesa kukhala pansi usiku, kutsinzina ndi kumvetsera mpweya wanga monga amanenera, koma m'malo mopepukidwa, nkhope ya mayi imandibwerera, ndimalira mpaka kubanika, ndipo ndimachoka pamenepo ndili wosweka kuposa poyamba. Kodi ndikulakwitsa penapake, kapena njira imeneyi si ya munthu amene ali ndi chisoni ngati changa? Ndikufunanso kudziwa ngati Mkhristu angaichite ndi chikumbumtima choyera, chifukwa mnzanga wina wa kumpingo akuti ndi za chipembedzo china. Ndionjezere kuti m'chipinda chimene ndimagona timakhalamo anthu atatu, choncho malo a phee amene amatchulidwa m'malangizowo ine ndilibe.

Phiri, Yeoville

Achemwali a Nabanda, pepani kwambiri ndi imfa ya mayi, mzimu wawo uuse mumtendere. Zimene zikukuchitikiranizo zimachitikira anthu ambiri amene angoyamba kumene, ndipo sizikusonyeza kuti mwalephera. Chisoni chimene masana chimabisala m'kati mwa ntchito chimapeza mpata wotuluka munthu akangokhala chete, moti misozi imeneyo inalipo kale, kungoti munalibe nthawi yoikhetsa.

Ine ndinachita nawo maphunziro a masabata 8 a njira imeneyi kuno ku Johannesburg, ndipo chinthu choyamba chimene chinanditsegula maso ndi kudziwa anthu amene inakonzedwera. Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro amenewa mu 1979 pa sukulu ya zaudokotala ya University of Massachusetts ku America, ndipo ambiri mwa ophunzira ake oyamba anali odwala amene anali ndi ululu wosatha umene madokotala analephera kuuthetsa. Iye sanawalonjeze kuti ululuwo utha. Anawaphunzitsa kuuyang'ana mmene ulili, popanda kulimbana nawo ndiponso popanda kuuthawa, kuti usalamulire moyo wawo wonse. Ndikuona kuti apa m'pamene pagona yankho la funso lanu. Imfa ya mayi ndi ululu umene palibe munthu angauchotse, choncho mukamakhala pansi n'cholinga chakuti chisoni chichoke mudzakhumudwa tsiku ndi tsiku, pamene mukamakhala pansi kuti muphunzire kukhala nacho popanda kumira, mudzaona kusintha pang'ono ndi pang'ono.

Malangizo anga ndi akuti musiye kaye kuchita zimenezi usiku, chifukwa nthawi imeneyo thupi limakhala litatopa ndipo mdima umakulitsa maganizo. Yesani m'mawa, kwa mphindi 3 kapena 5 zokha, maso ali otsegula, mukuyang'ana pansi chapatsogolo panu. Yambani ndi kumva mapazi anu atakhudza pansi ndi kulemera kwa thupi lanu pabedi kapena pampando, kenako mverani mpweya ukulowa ndi kutuluka, osaukakamiza. Malo a phee safunika kwenikweni. Mahutala a matakisi, wailesi ya mnansi ndi mayendedwe a anzanu m'chipindamo mukhoza kuzimvetsera monga mmene mumamvetsera mpweya, kungozimva zikuyamba ndi kutha. Ine nthawi zambiri ndimachita ndili pamzere wa takisi pa Bree, ndipo palibe amene amadziwa.

Chisoni kapena mkwiyo zikabwera, zitchuleni dzina chamumtima, modekha: uwu ndi mkwiyo, ichi ndi chisoni, uku ndi kudziimba mlandu. Zimaoneka zazing'ono, koma mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake a pa yunivesite ya UCLA anajambula ubongo wa anthu amene ankaonetsedwa nkhope zaukali ndi zamantha, ndipo anapeza kuti munthu akatchula m'mawu chimene akuonacho, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamachenjeza thupi za ngozi, kamachepetsa mphamvu. Mukatchula dzinalo, funani pamene zikumvekera m'thupi, kaya ndi pakhosi pothina, pachifuwa polemera kapena m'mimba motentha, ndipo ikani chidwi chanu pamenepo kwa kanthawi. Mudzazindikira kuti pali kusiyana pakati pa ululu wa m'thupiwo ndi nkhani imene maganizo amaiumba pamwamba pake, nkhani ya "ndikanapita", "akanafulumira", "ndine mwana wotani ine". Ululu wa m'thupi umakwera, umafika pachimake, kenako umatsika wokha, koma nkhaniyo ndi imene imaukolezera mobwerezabwereza mpaka kucha. Mukapezeka kuti mwalowa m'nkhaniyo musadzidzudzule, ingobwererani ku mapazi ndi ku mpweya ngakhale kambirimbiri pa mphindi imodzi, pakuti kubwererako ndiye ntchito yeniyeni imene mukuphunzira.

Misozi ikabwera, isiyeni ituluke. Koma mukaona kuti mukubanika, imirirani, tsegulani chitseko, sambani kumaso ndi madzi ozizira, ndipo mutchule zinthu zimene mukuziona m'chipindamo chimodzichimodzi. Kudziwa polekezera ndi mbali ya luso limeneli, ndipo musathamange nalo, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbewe, Rosettenville

Mayi Nabanda, Ambuye akutonthozeni. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndiyankha mbali ya chikhulupiriro mosabisa mawu. Mnzanuyo sananame kotheratu, chifukwa mizu ya njira imeneyi ili m'chipembedzo cha Chibuda, ndipo Kabat-Zinn amene a Phiri amutchula anaphunzira kwa aphunzitsi a chipembedzo chimenecho asanaikonze kuti igwiritsidwe ntchito m'chipatala. Koma pa zimene a Phiri afotokozazi sindikuonapo kupembedza kulikonse, pakuti palibe kugwadira fano, palibe kuitana mzimu, ndipo palibe mawu achilendo obwerezabwereza. Kumvetsera mpweya umene Mulungu anakupatsani ndi kuvomereza kuti mwakwiya si tchimo. Masalimo adzaza ndi anthu amene anauza Mulungu kulira ndi kuwawidwa mtima kwawo mosabisa, ndipo Ambuye Yesu mwini ankadzuka m'mamawa kupita kumalo kopanda anthu kukapemphera. Ndingokuchenjezani kuti malangizo a pa foni ndi osiyanasiyana, choncho mukakumana ndi ena okuuzani kutchula mawu amene simukudziwa tanthauzo lake, asiyeni mufune ena. Ngati chikumbumtima chanu chikuvutikabe, yambani mphindi zanuzo ndi pemphero lalifupi ndipo mutsirizenso ndi pemphero.

Nkhawa yanga yaikulu ili pena. Kwathu chisoni sichisenzedwa ndi munthu mmodzi. Anthu amagona pasiwa, amayi amalira limodzi m'nyumba, makwaya amaimba usiku wonse, adzukulu amakumba manda, achibale amaponya dothi, ndipo pambuyo pake banja limakhala pansi kukambirana za otsala. Zonsezi zimauza mtima ndi thupi kuti munthu wapitadi, komanso kuti ofedwa sali okha. Inu munaziona zonsezi pa foni muli nokha, mwinanso mawa lake n'kudzukira kuntchito kukasekerera ana a eni. Sindikukhulupirira kuti mphindi zochepa za kukhala chete, ngakhale zitathandiza chotani, zingalowe m'malo mwa zimenezi.

Pemphani abusa kapena amayi a mvano kuti abwere adzachite mapemphero okumbukira mayi, ngakhale kuti padutsa nthawi. Tachitapo zimenezi kwa abale ena amene analephera kupita kumudzi, ndipo ndaona anthu akulira kulira kumene anakusunga miyezi yambiri, n'kutuluka m'nyumbamo nkhope zitamasuka. Yambaninso kukambirana ndi akumudzi za kumanga chiliza, kuti mapepala akadzalongosoka mukaime pamandapo ndi mapazi anu. Za achimwene anuzo musazisunge nokha mumtima. Amalume anu ndiwo eni mbumba, ndipo ndi udindo wawo kukhazika pansi ana a mlongo wawo zinthu zisanafike poipa.

Mlonda wa ku Mangochi, Mayfair

Achemwali, pepani ndi zovutazi. Ine ndine Msilamu, ndipo ndimagwira ntchito ya ulonda usiku. Mu Seputembala 2019, pamene masitolo ankaphwanyidwa ndi kutenthedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, ndinali pafupi ndi zimenezo, ndipo mantha ake anakhala m'thupi mwanga nthawi yaitali zipolowe zitatha. Phokoso lililonse linkandidzidzimutsa, ndipo ndikaweruka ndinkafika kunyumba ndili wokwiya popanda wondiputa. Ife amuna tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, choncho mantha athu amatuluka ngati ukali, ndipo ena mwa anzathu amathawira ku mowa.

Kukhala pansi motsinzina kunandikanika monga inu, komanso mlonda satsinzina pantchito. Chimene chinandithandiza ndi kuchita zimenezi ndikuyenda. Ndikamazungulira mpanda ndimaika maganizo pa phazi lililonse likamanyamuka ndi kuponda, pa kulemera kwa jekete, ndi pa mphepo yozizira ya mu Juni ikamandiwomba kumaso, ndipo maganizo akathawira ku zakale ndimawabwezera ku phazi. Tsopano mkwiyo ndimauzindikira msanga, chifukwa kwa ine umayamba ndi kutentha m'khosi ndi kulimba kwa nsagwada, ndipo ndikauona udakali pamenepo ndimakhala ndi mpata wosankha kukhala chete mawu oipa asanatuluke. Pa za chipembedzo, sindinaone kutsutsana kulikonse ndi swala kapena zikiri, m'malo mwake ndinaona kuti ndimaswali maganizo ali pamodzi kuposa kale. Inu amene mumalera ana mukhoza kuyesa pamene mukuyenda ndi mwana kapena mukutsuka mbale, chifukwa manja akakhala ndi chochita maganizo amapeza pogwira.

Nankhoma, Diepkloof

Achemwali anga, pepani. Ine ndine namwino, ndipo ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma ndikufuna kuonjezera chenjezo limene malangizo a pa foni satchula kawirikawiri. Njira imeneyi siyenera munthu aliyense pa nthawi iliyonse. Willoughby Britton wa pa Brown University wakhala akufufuza zovuta zimene anthu ena amakumana nazo posinkhasinkha, monga kuchuluka kwa mantha, kusowa tulo, kubwerera kwa zithunzi za zoopsa zimene anadutsamo, ndi kudzimva ngati sali m'thupi lawo. Choncho ngati mwatsatira malangizo a a Phiri ochita m'mawa, mwachidule ndi maso otsegula, koma mukuona kuti zinthu zikuipirabe, siyani, ndipo musaganize kuti kupirira kudzakonza zinthu.

Kugunda kwa mtima kwa usikuko kumachitika chifukwa thupi likamaona ngati lili pangozi limatulutsa adrenaline, amene amafulumizitsa mtima ndi kupuma. Kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, motalikirapo kuposa mmene mwaukokera, kumadzutsa mitsempha imene ntchito yake ndi kupumitsa thupi, ndipo mtima umayamba kutsika liwiro. Zimenezi n'zothandiza, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala a BP. Pitirizani kumwa monga anakuuzani, ndipo mukapita kukayezetsanso muwauze za kudzidzimuka kwa usikuko kuti aone ngati palibe vuto lina.

Chimene ndikufuna muganizire mofatsa ndi ichi. Chisoni cha maliro si matenda, koma nthawi zina chimasanduka vuto lofunika thandizo la akatswiri. Mndandanda wa matenda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO wotchedwa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, umazindikira chisoni chotalika mopitirira, pamene munthu wakhala miyezi yoposa 6 akulakalaka womwalirayo kwambiri, akudziimba mlandu kapena kukwiya, mpaka moyo wake wa tsiku ndi tsiku kusokonekera. Palinso matenda a kuvutika maganizo, amene zizindikiro zake ndi kukhumudwa pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata 2 kapena kuposerapo, kusasangalala ndi zimene munkazikonda, kusintha kwa kadyedwe ndi kagonedwe, kufooka, ndi kudziona wopanda pake. Sindingakuuzeni kudzera pano ngati muli ndi limodzi mwa mavuto amenewa, koma kusowa tulo kwa nthawi yaitali chonchi n'chifukwa chokwanira chokaonana ndi dokotala kapena mlangizi. Ilipo njira ya chithandizo yotchedwa MBCT, imene Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale anaikonza pogwiritsa ntchito mindfulness, koma iwo anaikonzera anthu amene achira kale ku matenda a kuvutika maganizo kuti asabwererenso, ndipo imaphunzitsidwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo, si ya kudzichitira wekha pa nthawi imene zinthu zafika pothina.

Bungwe la SADAG, lothandiza anthu ovutika maganizo, limene likulu lake lili konkuno ku Johannesburg, limapereka uphungu pa foni ndipo likhoza kukulozerani kumene mungapeze thandizo pafupi ndi kwanu. Nambala yawo yaulere ya 0800 567 567 ndi ya anthu amene akuvutika kwambiri, makamaka amene ayamba kuganiza zodzipha, ndipo ndikupempha aliyense wowerenga pano kuti aisunge m'foni. Ndikudziwa kuti ambiri a ife timaopa kupita kukiliniki chifukwa cha mapepala ndi chifukwa cha mmene alendo amalandiridwira m'malo ena masiku ano. Komabe gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene ayenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Ngati mukuchita mantha, pitani ndi mnzanu wa kumpingo.

Nabanda, Cosmo City

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha mayankho anu, Mulungu akudalitseni. Ndayesa kuchita m'mawa ndisananyamuke kupita kuntchito, maso ali otsegula, ndipo ngakhale misozi ikubwerabe, sindikubanika monga kale. Ndazindikira kuti mkwiyo wanga umakhala pachifuwa, pamene chisoni chimakhala pakhosi, zimene sindinkazisiyanitsa. Bambo Mbewe, ndalankhula ndi amayi a kumpingo kwathu ndipo avomera kubwera kudzachita mapemphero. Achemwali a Nankhoma, nkhani ya tulo ndikaifotokoza kukiliniki pa tsiku langa lokatenga mankhwala.

Chimene chatsala ndi usiku. Ndikadzidzimuka ndimatenga foni n'kuyamba kuonera zithunzi za pamaliro, kenako ndimafuna kuwatumizira achimwene uthenga wa mawu owawa, ndipo nthawi zina ndimaujambula koma osautumiza. Kodi pa nthawi ngati imeneyo, pamene a Phiri andiletsa kusinkhasinkha usiku, ndichite chiyani?

Phiri, Yeoville

Achemwali, ndakondwa kumva kuti m'mawa mukuyendako bwino. Chimene ndinaletsa ndi kukhala pansi motsinzina kwa nthawi yaitali mumdima mukuyang'anizana ndi chisoni, koma mukadzidzimuka pali zimene mungachite muli chigonere popanda kudzutsa anzanu. Ikani dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba, tulutsani mpweya motalikitsa monga a Nankhoma afotokozera, kenako yendetsani chidwi chanu pang'onopang'ono kuyambira ku zala za kumapazi, kukwera m'miyendo, kumsana, mpaka m'mapewa, mukungomva kufunda kwa bulangete ndi pamene thupi lakhudza matiresi. Musachite zimenezi ngati njira yokakamizira tulo, chifukwa tulo tikamakakamizidwa timathawa. Ngati papita nthawi osagona, khalani tsonga mutsamire khoma, ndipo mugonenso pokhapokha maso akalemera. Foni muziiika kutali ndi bedi. Zithunzi za pamaliro ndi zanu ndipo muli ndi ufulu woziona, koma zisankhireni nthawi ya masana, makamaka pamene muli ndi munthu wina pafupi.

Pa za uthengawo, mwanena kuti mumaujambula koma osautumiza, ndipo kumeneko ndi kudziletsa kumene njira imeneyi imaphunzitsa, kuti pakhale mpata pakati pa kumva mkwiyo ndi kuchitapo kanthu. Mkwiyowo musaukane, chifukwa n'kutheka kuti pali mafunso oyenera amene achimwene anu ayenera kuyankha, koma mafunso amenewo amveka bwino masana, pamaso pa amalume, monga Bambo Mbewe alangizira. N'kuthekanso kuti iwonso sakugona, akudziimba mlandu womwewo umene inu mukuwaimba.

Mawu akuti "ndine mwana wotani ine" akabwera usiku, yesani kudziyankha monga mmene mungayankhire mnzanu wa m'chipindamo atakhala kuti ndi iye wafedwa. Simungamuuze kuti anataya mayi ake. Mungamukumbutse kuti anatsala pantchito kuti bokosi ligulidwe, kuti olira adye, ndi kuti akumudzi apitirize kulandira thandizo mwezi ndi mwezi. Poyamba mawu otere amamveka ngati a munthu wina, ndipo sikofunika kuti muwakhulupirire usiku womwewo, ingowanenani modekha kenako mubwerere ku mpweya. Mukapita kukiliniki mufunsenso ngati pali mlangizi kapena wa zachisamaliro cha anthu amene mungamaonane naye, chifukwa nkhani ya kudziimba mlandu imamasuka msanga ikamakambidwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo.